Chikuto cha "Nsapato za Salaula", tithandizane kusankha

Mai Phiri: Mwaswera bwanji nonse a m'gulu. Buku lija ndakhala ndikulilemba zaka zitatu latha, mkonzi wandibwezera komaliza sabata yatha. Mutu wake ndi "Nsapato za Salaula". Ndi nkhani ya Tamara, mtsikana wa zaka 16 wa ku Mtendere mu Lusaka, amene amathamanga mamita 800 ndi nsapato zogula pa salaula ku msika wa Soweto, ina zingwe zofiira ina zoyera, pamene amayi ake akufuna asiye zothamangazo aziwathandiza kugulitsa vitumbuwa. Chatsala ndi chikuto. Ndaika zithunzi zitatu pamwambapa. Choyamba ndi chithunzi cha mwana wa m'kalasi mwanga atavala yunifolomu, akumwetulira. Chachiwiri wandipangira mlamu wanga pa kompyuta ndi pulogalamu ija ya AI yojambula yokha zithunzi, dzuwa likulowa, mtengo, ndi mtsikana akuthamanga chapatali. Chachitatu ndi cha pensulo chabe, wajambula mwana wa mchemwali wanga, miyendo iwiri ndi nsapato. Musandinyengerere, nenani zoona.

Misozi: Zikomo amai, tayamba kale kulidikira! Koma chachiwiricho ayi ndithu. Ku Mtendere mtengo umenewo uli pati?

Aphunzitsi Banda: Ine choyamba. Mwana waukhondo, yunifolomu yosita bwino, nkhope yowala. Kholo likaona limadziwa kuti m'bukumu mulibe zolaula, limatulutsa ndalama.

Ba Zulu: Aphunzitsi, kholo lidzagula, koma mwana sadzawerenga. Ine ndagulitsa mabuku pansi mu Cairo Road zaka zambiri, ndimaona manja a ana kumene amapita. Buku la Chinyanja lokhala ndi mwana wa yunifolomu pachikuto iwo amati ni la mayeso. Amalidumpha ngati chithaphwi.

Aphunzitsi Banda: Ndiye tiziika chiyani, mfuti ndi magalimoto?

Ba Zulu: Nanga inu simunakule ndi manovelo aja a Pacesetters? Paja pachikuto panali chiyani, si mfuti, magalimoto ndi akazi ovala magalasi akuda? Munkabisa m'kati mwa buku la Geography.

Aphunzitsi Banda: Ha, a Zulu, zimenezo tisakumbe. Ndinalandidwa awiri ku Chizongwe mu fomu 2. Koma mukunena zoona, tinkasankha ndi maso. A Macmillan anayamba kutulutsa mabuku amenewo mu 1977, ndipo unkawazindikira uli patali. Mabuku a African Writers Series a Heinemann, aja a olenji, tinkawalemekeza koma ankanunkha kalasi.

Dalitso: Amai Phiri, ndiloleni ndilankhule motalika pang'ono chifukwa iyi ndiyo ntchito imene imandidyetsa. Musanasankhe pakati pa zitatuzi, pali chinthu chimene chadumphidwa. Ku makampani ofalitsa mabuku chikuto sichiyambira pa chithunzi, chimayambira pa kapepala kamene mkonzi amalembera wokonza chikuto. Timakatcha brief. M'menemo muli nkhani mwachidule, zaka za owerenga, maonekedwe a mwini nkhani, zinthu zimene zimabwerezeka m'bukumo, mtima wa nkhaniyo ngati ndi woseketsa kapena wolemera, ndi zikuto za mabuku ena ofanana nalo amene agulidwa bwino. Wokonzayo akawerenga, ngati nthawi ilipo amawerenganso buku lonse, ndiye amajambula tizithunzi ting'onoting'ono tambiri, tonga bokosi la machesi, mwina khumi mwina makumi awiri. Zambiri zimatayidwa. Zitatu kapena zinayi zimakulitsidwa, n'kuikidwa mutu ndi mitundu, n'kupita ku msonkhano kumene kumakhala mkonzi, a zamalonda ndi otsatsa. Kumeneko ndi kumene zikuto zabwino zambiri zimafera, chifukwa wa zamalonda akangoti "masitolo sadzatenga ichi", basi mwabwerera poyambira. Zonsezi zimayamba miyezi yambiri buku lisanatuluke, nthawi zina pafupifupi chaka, popeza chikuto chimafunika m'kabuku kotsatsira masitolo buku lenilenilo lisanasindikizidwe.

Inu muli nokha, ndinu mlembi, wofalitsa, wa zamalonda, zonse. Ndiye lembani brief yanu nokha, tsamba limodzi. Mukalemba mudzaona kuti chachiwiri chija chagwa chokha.

Mai Phiri: Mwana wanga, nanga mlembi pamsonkhanopo amakhala pati?

Dalitso: Kawirikawiri kulibe, amai. Amangomuonetsa, anene maganizo ake, koma mawu omaliza ndi a kampani, pokhapokha akhale mlembi wotchuka kwambiri kapena pangano lake linene zina.

Misozi: Ndipo zimenezo zinabweretsapo phokoso. Mu 2009 kampani ya Bloomsbury ku America inakonza chikuto cha buku la achinyamata lotchedwa Liar, la Justine Larbalestier. Mwini nkhani ndi mtsikana wakuda wa tsitsi lalifupi, koma pachikuto anaikapo mzungu wa tsitsi lalitali. Mlembi anadandaula poyera, owerenga anakwiya pa intaneti, mpaka kampani inasintha chikutocho. Ndiye amai, mwayi muli nawo, palibe amene angakuyeretsereni Tamara wanu.

Dalitso: Palibe, kupatula kompyuta ya alamu anu. Tayang'anani bwino chachiwiricho, mukulitse. Mtsikanayo khungu lake ndi loyererako kuposa mmene mwamufotokozera, tsitsi likuuluka ngati la pa paketi ya wigi, ndipo phazi lamanzere lili ndi nsapato yakumanja.

Mai Phiri: Mayo ine, sindinaone!

NaMwale: Ine ndangoseka pano mu ofesi mpaka abwana acheuka.

Misozi: Za mtengo ndi dzuwa zija ndi nthabwala yakale pakati pa owerenga. Mu 2014 munthu wina anasonkhanitsa zikuto zambirimbiri za mabuku onena za Africa n'kuziika pa chithunzi chimodzi. Nkhani ya ku Nigeria, ya ku Zimbabwe, ya ku South Africa, ya mu tauni, ya kumudzi, zonse mtengo umodzimodzi wa mthethe ndi dzuwa lofiira likulowa. A webusaiti ya Africa Is a Country analemba za chimenechi ndipo chinafala kwambiri. Kompyutayo yaphunzira ku zikuto zomwezo, ndiye mukaiuza kuti "mtsikana wa ku Africa akuthamanga" ikupatsani mthethe basi. Sidziwa kuti kuli Mtendere, kuli ngalande, kuli ma booth a mobile money.

Mai Phiri: Chachiwiri chafa. Alamu ndiwauza mwaulemu, anachita ndi mtima wabwino. Nanga choyamba? Mwanayo ndi wokongola ndipo iye mwini akufuna.

Dalitso: Iye kufuna sikukwanira, amai. Sanakwane zaka 18, ndiye pafunika chilolezo cholembedwa cha makolo ake, chonena kuti chithunzi chidzakhala pa buku logulitsa, pa Facebook, pa ma poster, kulikonse. Komanso ganizirani za m'nkhanimo. Kodi Tamara sachita chilichonse chochititsa manyazi?

Mai Phiri: Amaba ndalama ya vitumbuwa mu mutu 7. Ndipo pali mnyamata.

Dalitso: Ndiye anzake kusukulu adzamutcha wakuba ndalama ya vitumbuwa mpaka amalize giredi 12. Nkhope ya munthu weniweni imamatirira ku nkhani.

NaMwale: Apo ndagwirizana nazo ngati kholo. Wanga sindingalole.

Aphunzitsi Banda: Chabwino, mwana weniweni ayi. Koma nkhope ikhalepo, yojambula pamanja. Buku lopanda nkhope pachikuto lili ngati nyumba yopanda khomo. Mwana amafuna kuona mnzake.

Misozi: Apa aphunzitsi sakulakwa kwenikweni. The Hate U Give la Angie Thomas, la 2017, lili ndi mtsikana wojambula pamanja, wakuda, wanyamula chikwangwani cholembedwa mutu wa bukulo, kumbuyo kuli koyera mbee. Anajambula ndi Debra Cartwright. Chikwangwanicho chaphimba thupi lake ndi mbali ya nkhope, ukuona maso ndi tsitsi chabe. Ndiye nkhope ilipo koma siilipo yonse, aliyense akhoza kudziikamo. Ine ndinaligula chifukwa cha chikutocho ndisanadziwe n'komwe nkhani yake.

Dalitso: Eya, ndipo taonani chimene chachitika pamenepo: mutu ndi chithunzi ndi chinthu chimodzi. Sanajambule mtsikana kenako n'kufunafuna pomata zilembo. Ndicho chimene ndikuona mu chachitatu chija. Amai, wajambulayo ali ndi zaka zingati?

Mai Phiri: Thoko, ali ndi 16, ngati Tamara yemwe.

Dalitso: Mwanayo ali ndi diso. Sanajambule nsapato zili pa shelefu, wajambula chidendene chimodzi chitanyamuka, munthu ali pafupi kuphulika. Ndipo zingwe ziwiri zosiyanazo ndiyo nkhani yonse: umphawi ulimo, kunyada kulimo, nthabwala ilimo. Ine ndikanatenga chimenechi, n'kukulitsa nsapatozo zidzaze theka la pansi, chingwe chofiiracho chimasuke chikwere m'mwamba chikalembe liwu loti "Salaula". Kumbuyo kwa nsapatozo mtundu umodzi chabe, wolimba.

Ba Zulu: Chimenecho ndingaike kutsogolo. Liwu loti salaula lokha limuimitsa mwana wa mu Lusaka.

Aphunzitsi Banda: Nsapato pachikuto? Anthu adzati ndi kabuku kotsatsa malonda a Bata.

NaMwale: Aphunzitsi lero mwabwera ndi nkhondo.

Aphunzitsi Banda: Si nkhondo mayi, ndikufunsa chabe. Ife tinaphunzira kuti chikuto chionetse chimene chikuchitika m'nkhani. Mabuku a JAWS (Junior African Writers Series) aja tinkapatsa ana m'ma 1990, pachikuto pankakhala chochitika chenicheni, mwana akuthawa, wina akumuthamangitsa.

Dalitso: Atate, a JAWS ambiri anali a ana ocheperapo, ndipo kwa iwo chochitika chimagwira ntchito. Koma wa zaka 15 kapena 17 ali ndi vuto lina: amaopa kuonedwa ndi buku looneka lachibwana. Akakwera minibasi ya ku Chelstone, chikuto chimayang'ana anthu, osati iye. Chili ngati malaya. Ngakhale akuluakulu ali ndi manyazi omwewo. Harry Potter woyamba anatuluka mu 1997 ndi chikuto chojambula Thomas Taylor, kamnyamata ka magalasi patsogolo pa sitima yofiira. Chaka chotsatira anatulutsanso buku lomwelo, mawu omwewo, koma ndi chithunzi cha sitima chakuda ndi choyera, kuti akuluakulu aziwerenga pagulu osachita manyazi. Ndiye funso langa pa chikuto chilichonse cha achinyamata ndi ili: kodi mnyamata wa giredi 11 angachigwire poyera pa siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower? Nkhope ya mtsikana akumwetulira, sangagwire. Nsapato zothamangira, agwira.

Misozi: Izi ni zoona, mlongo wanga sangakhudze buku la nkhope ya mtsikana olo mumulipire.

Aphunzitsi Banda: Hmm. Za anyamatazo sindinaganize. Koma kumbuyo kwa buku muikeko kankhope, ngakhale kakang'ono.

Ba Tembo: Mwalankhula zokoma nonse, manje ndiloleni ine wa ku makina ndikuonongereni chisangalalo. Zaka zanga zonse ndakhala ndikulandira zikuto zokongola pa foni zimene zimasanduka matope pa pepala. Amai Phiri, ndiyankheni: buku ndi saizi yanji, masamba angati, pepala lanji?

Mai Phiri: A5, masamba 240. Pepala sindinasankhe.

Ba Tembo: Ndiye chikuto sichingamalizidwe. Chikuto si chithunzi cha kutsogolo chokha, ndi chipepala chimodzi chachitali: kumbuyo, msana, kutsogolo. Kukula kwa msana kumachokera ku pepala. Masamba 240 ndi mapepala 120. Pa pepala loyera wamba, bond ya 80gsm, pepala limodzi ndi pafupifupi 0.1mm, ndiye msana ukhala cha m'ma 12mm. Mukasankha pepala la kirimu lija lofufuma la manovelo, msana ukula. A5 ndi 148mm m'lifupi, 210mm m'litali. Ndiye 148 kuphatikiza 12 kuphatikiza 148, ndi 308. Muonjezere 3mm mbali iliyonse ya bleed, kuti mpeni podula usasiye kamzere koyera m'mphepete, zikhala 314 ndi 216. Mukalakwitsa msana ndi mamilimita awiri okha, dzina lanu limakhotera kutsogolo, ndipo makope onse amatuluka choncho.

Dalitso: Ba Tembo anenanso za mitundu, ndikudziwa zikubwera.

Ba Tembo: Zikubwera mwana wanga. Foni imapanga mitundu ndi kuwala, RGB. Makina anga amapanga ndi inki zinayi, CMYK: cyan (buluu woyererako), magenta (pinki wolimba), yelo ndi yakuda. Pali mitundu imene foni imawalitsa koma inki singathe: olenji wowala, buluu wowala, gilini uja wa ngati laimu. Imatuluka yozimirira. Ndiye fayilo ibwere ili kale mu CMYK, 300 dpi kuti chithunzi chituluke chakuthwa, PDF, zilembo zitatsekeredwa m'kati. Osanditumizira pa WhatsApp ngati chithunzi, WhatsApp imafinya, mutumize ngati document. Chinanso, khungu. Miyendo ya Tamara ndi yakuda, eti? Khungu lakuda ndilo limavuta kwambiri pa makina. Ojambula ambiri amathira inki yakuda yambiri kuti lidere, ndiye limatuluka lotuwa ngati munthu sanadzole mafuta mu July. Khungu lathu limafuna magenta ndi yelo wokwanira kuti likhale lamoyo, cyan ndi yakuda pang'onopang'ono. Cyan ikachuluka munthu amabiriwira.

NaMwale: Kodi n'chifukwa chake zithunzi za pa mapulogalamu a maliro anthu amaoneka ngati anadwala zaka khumi?

Ba Tembo: Chimodzimodzi mayi, kuphatikizapo kuthamangira.

Mai Phiri: Ine ndimafuna kumbuyo kukhale olenji, ngati mzere uja wa pa maminibasi. Tamara amathamangitsana ndi minibasi m'mutu woyamba.

Ba Tembo: Zitheka, koma musayembekeze wa pa foni. Olenji wa magenta ndi yelo amatuluka bwino ndithu akasakanizidwa mosamala, kungoti ndi wofatsa. Amene amafuna wowala kwenikweni amalipira inki yachisanu yosakaniziratu, ya Pantone, ndipo pa makope ochepa sizipindula. Inu mufunse proof, kope loyesera, yosindikiza pa pepala lenilenilo, muione ndi maso panja padzuwa, musainire. Wina anabwera kwathu ndi chikuto chofiirira, anakana proof kuti akuchedwa ndi launch, makope 500 anatuluka a buluu. Analira, koma anali atasaina kuti tisindikize choncho.

Dalitso: Nanga lamination, kapulasitiki kaja komata pachikuto, mdala? Ine ndimakonda matt, yosanyezimira ija, imaoneka yaulemu.

Ba Tembo: Inu ojambula nonse mumakonda matt. Matt pa mtundu wakuda imaonetsa zala ndi mikwingwirima, ndipo imaziziritsa mitundu. Buku la ana asukulu lidzakhala m'chikwama limodzi ndi botolo la maheu, lidzadutsa m'manja khumi. Gloss, yonyezimira ija, imapirira ndipo olenji wanu adzawala.

Ba Zulu: Gloss, chonde. Fumbi la mu August ndimangopukuta ndi kansalu. Matt imamwa dothi.

Dalitso: Ndagonja, awiri andiposa.

Misozi: Chinthu china amai. Ambirife buku timayamba kuliona pa foni, pa status ya munthu kapena pa TikTok, lili kakang'ono ngati chikhadabo. Chepetsani chikutocho chifike pamenepo muone ngati mutu ukuwerengeka. Ngati chingwe cholemba "Salaula" chikhala chopyapyala kwambiri chidzasowa.

Dalitso: Wanena bwino. Chingwecho ndidzachinenepetsa, ndipo "Nsapato za" ndidzalemba ndi zilembo zonenepa zosapindika. Mitundu ya zilembo iwiri basi. Ndipo amai, font imene ndidzagwiritse ikhala yololedwa pa malonda, chifukwa zambiri za ulere pa intaneti ndi zaulere pa ntchito ya pakhomo chabe. Dzina lanu likhala laling'ono pansi, musakhumudwe. Dzina limakula mlembi akatchuka, pakali pano chogulitsa ndi mutu.

Mai Phiri: Zaka zitatu za kulemba usiku ndi tochi nthawi ya load shedding, dzina n'kukhala laling'ono!

NaMwale: Lachiwiri lidzakula amai.

Aphunzitsi Banda: Mwayi wanu mutuwo ulibe "ch". Mukanavutika kusankha kulemba "c" monga timaphunzitsira kuno kapena "ch" monga a ku Malawi. Koma mawu a kumbuyo musankhe kalembedwe kamodzi kofanana ndi ka m'kati, osasakaniza.

Mai Phiri: M'kati ndalemba "c", popeza ndikufuna lilowe m'masukulu. Kumbuyo ndilemba chiyani kwenikweni? Ndinakonza ndime zinayi ndi mbiri yanga.

Ba Zulu: Zinayi zachuluka. Mwana amatembenuza buku, amawerenga mizere itatu, ine ndikumuyang'ana, kenako amagula kapena amabweza. Muuzeni Tamara ndani, akufuna chiyani, chamutsekereza n'chiyani. Osamuuza ngati apambana. Ndipo mawu oti "buku ili liphunzitsa achinyamata makhalidwe abwino" musalembe, ndagwira mwendo wanu.

Aphunzitsi Banda: Amenewo ndiwo ndimati ndipereke.

Ba Tembo: Musiye malo pansi kumanja a barcode, bokosi loyera, barcode yakuda yokhayokha osati yosakaniza inki zinayi, apo ayi makina a m'sitolo angalephere kuiwerenga. ISBN, nambala yozindikiritsa buku, ndi manambala 13, ndipo za kuno ku Zambia zimayamba ndi 978-9982. Muitenge msanga, masitolo ngati Bookworld ndi malaibulale amaifuna. Ndipo pa msana mutu uwerengeke, chifukwa m'sitolo mabuku ambiri amaima chammbali, chooneka ndi mamilimita 12 amenewo basi.

Mai Phiri: Thoko ali pano, wawerenga zonse, akuti ayankhe yekha. Ndikumupatsa foni.

Mai Phiri: Mwaswera bwanji akuluakulu, ndine Thoko. Zikomo poyamikira chithunzi changa. Ba Dalitso, chonde nsapatozo musazikongoletse. Yakumanja ili ndi kabowo pa chala chachikulu ndipo soli yake inamatidwa ndi guluu, ndinajambula dala. Mukazipanga zatsopano anzanga adzadziwa kuti wajambulayo sanagulepo pa salaula. Komanso zisakhale ndi chizindikiro cha kampani iliyonse, Tamara anachimatula chifukwa chinali fake. Ndipo olenji ine sindimukonda koma anti akuti ndi buku lawo.

Misozi: Thoko for president.

Dalitso: Thoko, bowolo silichoka, ndalonjeza. Za chizindikiro wandipulumutsanso ku milandu, sitiika chizindikiro cha eni ake pa chikuto. Ujambulenso pa pepala loyera lalikulu, A3, ndi inki yakuda, usapinde. Ine ndidzachita scan ndi kuika mitundu. Ndipo dzina lako lilembedwe kumbuyo ngati wojambula, amai amve. Mitundu ndipanga iwiri, olenji ndi yelo, mukaonetse ana a m'kalasi osawauza kuti inu mukonda uti.

Mai Phiri: Ndabweranso patatha masabata awiri. Ndinasindikiza ziwirizo, ndinakulunga pa mabuku akale kuti zioneke ngati zenizeni, n'kuziika pa tebulo mu laibulale ya kusukulu osanena kanthu. Ana ambiri anayamba kugwira cha yelo. Mnyamata wina anatsegula, atapeza kuti m'kati ndi buku la Civic Education anandiyang'ana ngati ndamubera. Ndiye yelo wapambana, Thoko akuvina. Aphunzitsi Banda, kumbuyo kuli Tamara wamng'ono akuoneka chakumsana, akuthamangitsa minibasi ya mzere wa olenji, nkhope watembenuza pang'ono.

Aphunzitsi Banda: Pang'ono pomwepo pandikwanira.

Mai Phiri: Koma ba Tembo, ndaonjezera masamba 16 kumapeto, mafunso okambirana ndi matanthauzo a mawu ovuta, ndipo ndasankha pepala la kirimu. Palibe vuto eti?

Ba Tembo: Amai! Msana wasintha kawiri pamenepo. Dalitso usatumize fayilo ija. Mubwere Lachiwiri m'mawa magetsi asanapite, ndipange dummy, buku loyesera losalembedwa, ya masamba 256 pa pepala lenilenilo tiyeze ndi rula.

Ba Zulu: Akatuluka mundisungire khumi. Ndiwaika kutali ndi ma past paper.